Mamendulo a agogo athu a Keyala: musanagulitse, tembenuzani kaye

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse mwabwera. Ndikudziwa kuti m'nyumba zina muno muli kachitini kapena kasutikesi ka malemu agogo, ndipo pansi pake pagona mamendulo. Agogowo anali asilikali a King's African Rifles, amene tinkangowatchula kuti a Keyala. Ena anamenya Nkhondo ya Chiwaya, imene ndi nkhondo yoyamba ya padziko lonse, kuyambira ku Karonga mu 1914, ena anakafika ku Burma mu 1944. Lero ku Ulaya kuli anthu amene ntchito yawo ndi kutolera mamendulo otere, ndipo ku London makampani ngati Spink ndi Noonans amawagulitsa pa okushoni, monga mmene fodya amagulitsidwira ku Kanengo.

Koma mamendulo si ofanana ayi. Ija yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, Burma Star kapena Africa Star, ankapatsa aliyense amene anakamenya nawo kumeneko. Zilipo zambirimbiri, ndiye mtengo wake ndi wochepa. Ya kulimba mtima ndi ina. Military Medal ili ndi mawu kumbuyo onena za kulimba mtima pabwalo la nkhondo, ndipo asilikali akuda a Keyala anali ndi Distinguished Conduct Medal yawoyawo, yolembedwa dzina la gulu lawo. Zimenezi ndi zosowa, ndipo ndi zimene otolera amalimbirana. Pamwamba pa zonse pali Victoria Cross, imene inayamba mu 1856. Lord Ashcroft, munthu wolemera wa ku Britain, yekha anatolera zoposa 200.

Tsopano mukapita kunyumba, itengeni menduloyo muyang'ane m'mphepete mwake. Za nkhondo yoyamba ija, komanso za kulimba mtima, anazidinda nambala ya msilikali, udindo wake, dzina ndi gulu lake. Wogula salipira chitsulo ayi, amalipira dzina limenelo, chifukwa nalo amakafufuza kuti munthuyu anachita chiyani, tsiku liti, malo ati. Ndiye amayi, chonde, mendulo si poto. Musaikweche ndi phulusa kapena mchenga kuti iwale. Mukafufuta zilembo zija mwafufuta ndalama, mwafufutanso agogo. Kansalu kake kangathe bwanji, kasiyeni. Musagawanenso kuti iyi ya amalume, iyi ya azakhali. Mamendulo a munthu mmodzi amayenda limodzi, pamodzi ndi chithunzi chake ndi kabuku kamene anamupatsa potuluka usilikali.

Pali ina yoti ndiitchule mwapadera. Africa General Service Medal ina ili ndi kachitsulo kolembedwa kuti Nyasaland 1915. Imeneyo ankapatsa amene anathandiza atsamunda kuthetsa kuukira kwa John Chilembwe. Inde, mwina agogo anu anali mbali imeneyo, musachite manyazi. Mbiri yathu ndi yomweyo, ndipo ine ndingakonde itakhala muno m'dziko kusiyana ndi kukagona m'kabati ya munthu kunja.

Sindikuletsa kugulitsa, njala tonse timaidziwa, fizi nayo sidikira. Chimene ndikukana ndi kupatsa munthu wongodutsa amene wanena mtengo wake yekha, inu osadziwa chimene mwagwira. Jambulani mbali zonse ziwiri pafoni, koperani nambala ija m'kope, ana akusukulu akuonereni pa intaneti kuti yofanana nayo inagulidwa zingati. Banja lonse ligwirizane kaye. Abambo kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.