Makalata a Omvera: Kodi Kupirira pa Ntchito N'kukhala Chete?

Moni nonse kulikonse kumene mukutimvera. Lero ndasankha makalata atatu okamba za kuntchito, ndipo monga mwa nthawi zonse mayina sinditchula.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina, mlonda ku Lilongwe. Akuti: "Ndatha miyezi itatu osalandira malipiro. Bwana amangoti mawa, mawa. Eni nyumba andipatsa masiku oti ndituluke. Akulu a mpingo anandiuza kuti ndipirire ngati Yobu. Kodi ndikakadandaula kuboma ndiye kuti chikhulupiriro changa chachepa?"

Bambo anga, sichinachepe ayi. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandikhudza kwambiri. Munthu wogona panja usiku wonse, m'mphepo ya mu June, kulondera chuma cha mnzake, kwawo ana n'kumagona ndi njala! Yobu amene akukuuzaniyo sanatseke pakamwa, anadandaula kwa Mulungu mosabisa. Tsegulani Levitiko 19:13, mupeza kuti malipiro a wantchito sayenera kugona kwa bwana mpaka m'mawa. Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwawo amafuula, ndipo Ambuye amamva. Paulo naye, atam'manga kuti amukwapule, anafunsa msilikali ngati lamulo limalola kukwapula nzika ya Roma isanaweruzidwe. Muli pa Machitidwe 22.

Tsono pempherani, kenako valani nsapato. Lembani m'kope tsiku limene munayamba ntchito, miyezi imene simunalipidwe, ndi anzanu amene angakuchitireni umboni. Pitani ku ofesi ya Labour ya m'boma lanu; ntchito yawo n'kuitana bwanayo kuti mukambirane. Zikakanika kumeneko, kuli Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya pantchito. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 linalembedwera anthu ngati inu. Ndipo akulu a mpingo, ngati mukumva, mawu oti "pirira" azipita limodzi ndi thumba la ufa.

Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Mchinji, amene amagula soya ndi mtedza pa depoti ina. Akuti bwana anawauza kuti azisewera ndi sikelo kuti thumba la makilogalamu 50 lizioneka lopepuka. Atakana, anawachotsa pa sikelo n'kuwapatsa tsache, ndipo anzawo akuwanyoza kuti "abusa". Akufunsa kuti: "Mulungu ali kuti pamene oba ndi amene akukwezedwa?"

Mayi, sindikunamizani kuti mawa akukwezani. Yosefe anakana tchimo m'nyumba ya Potifara, ndipo chimene anapeza ndi ndende. Ngakhale woperekera chikho wa Farao atatuluka, anamuiwala kwa zaka ziwiri zathunthu. Koma taganizirani mlimi wobwera pa njinga kuchokera kutali, amene wadikira chaka chonse kuti alipire fizi ya mwana. Kilogalamu imene munakana kumubera ndi thukuta lake. Miyambo 11:1 akuti sikelo yachinyengo imam'nyansa Yehova. Tsachelo musachite nalo manyazi. Dziwaninso kuti bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limayeza masikelo a malonda, ndipo mungalidziwitse. Musanatero, kambiranani ndi munthu wamkulu amene mumam'khulupirira, musayende nokha.

Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Mangochi amene akugwira ntchito mu lesitilanti ku Johannesburg. Akuti Lamulungu lililonse amakhala pa ntchito, ndipo mtima ukumutsutsa. Achimwene, Danieli anali kapolo ku Babulo, kutali ndi kachisi, koma ankagwada katatu pa tsiku. Pemphani bwana mwaulemu akupatseni Lamulungu limodzi pa mwezi, ndipo funafunani anzanu opemphera nawo mkati mwa sabata.

Bambo a ku Lilongwe aja, mukabwerako ku Labour mutilemberenso, tikufuna timve mmene zayendera. Tsopano timvere nyimbo.