Timadontho towala tomwe timazima tikakumana ndi zitsulo m'madzi

Moni a kwathu nonse kuno ku Joni, ndi inu mukuonera muli kumudzi. Taonani mabotolo awiriwa. Madzi ake ndi oyera mbee. Ndi liti lili ndi mtovu? Maso sangakuuzeni, ndipo ngakhale muwiritse mpaka makala athe, mtovu suchoka.

Sindikunena za madzi a pampopi ochokera ku Vaal Dam, amenewo amatsukidwa ndi kuyezedwa. Ndikunena timitsinje todutsa m'mphepete mwa mapiri achikasu a zinyalala za m'migodi, aja mumawaona cha ku Riverlea ndi Soweto. Golide anapezeka ku Langlaagte mu 1886, ndipo agogo athu a Theba anamukumba nawo. Miyala imene ankaswa ili ndi pyrite, msanganizo wa ayironi ndi salufa. Ikakumana ndi madzi ndi mpweya imatulutsa asidi, asidiyo n'kumasungunula zitsulo ngakhalenso uranium. Mu 2002 madzi oterewa anasefukira kuchokera m'migodi yakale cha ku Krugersdorp.

Kuti muwayeze bwino muyenera kupita nawo ku labotale, komwe makina ake si a mtengo wamasewera. Apa m'pamene pakubwera ma carbon dots, timadontho towala tija. Ndi tinthu ta kaboni tosafika ma nanomita 10, pamene tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanomita pafupifupi 80,000. Asayansi anatitulukira mwangozi mu 2004. Chondiseketsa ine n'chakuti titha kupangidwa ndi citric acid, asidi wa m'mandimu uja, pomusakaniza ndi urea, inde, mankhwala omwe ali mu fetereza wobereketsa chimanga, n'kutenthetsa.

Mukatiwalitsa ndi tochi ya UV, ngati ija amaonera ndalama zachinyengo m'sitolo, timawala ngati ziphaniphani. Koma mercury (chitsulo chamadzimadzi chapoizoni), mkuwa kapena chitsulo cha ayironi chosungunuka chikamatirira pa kadontho, chimalanda mphamvu imene ikanatuluka ngati kuwala. Kadontho kamazilala. Zitsulo zikachuluka, mdima umakulanso, ndipo kamera ya foni itha kuyeza kusiyanako.

Musathamangire ku famase, zambiri mwa izi zikadali m'manja mwa ofufuza. Bungwe la WHO limati mtovu usapitirire ma microgram 10 pa lita (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), ndiye kachipangizo koyezera ka timadonthoti kayenera kumva kachepechepe kotero pakati pa zina zambirimbiri. Madzi a m'migodi ya kuno ndi odzaza chitsulo cha ayironi, mtsinje mpaka kufiira dzimbiri. Chitsulocho chimatha kuzimitsa timadontho tonse chokha, woyeza osadziwa ngati mtovu kapena mercury zabisala momwemo.