Makalata a omvera: Mulungu anali kuti usiku uja?

Takulandiraninso omvera athu. Kalata yoyamba lero yachokera ku Chinsapo, kwa mayi amene apempha kuti dzina tisatchule. Akuti:

"Achimwene, ine mwana wanga wachisamba anamwalira mu January 2023 nthawi ya kolera ija sukulu zitachedwa kutsegulira kuno ku Lilongwe. Anayamba kutsegula m'mimba madzulo, tinampatsa Thanzi koma amangosanza, pofika naye kuchipatala mbandakucha anali atafookeratu. Zaka 9 basi. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi choti mayi ena a kumpingo kwathu anandiuza kuti ndidzifufuze mwina pali tchimo lomwe sindinalape. Kutchalitchi ndinasiya. Yunifolomu ya mwana wangayo ili m'chikwama pansi pa bedi, sindinaichape. Amene amabwerabe ndi aneba anga achisilamu, amangokhala nane pakhonde tikusankha nyemba osayankhula zambiri. Kodi Mulungu anali kuti usiku uja?"

Mayi, pepani, pepani ndithu. Kalata yanu ndaiwerenga katatu ndisanalowe mu situdiyo muno ndipo ndisakunamizeni, chifukwa chimene Mulungu analolera zimenezi ine sindingakuuzeni. Koma mawu munauzidwa aja okha ndikuwakana poyera. Kolera imadza ndi madzi kapena chakudya choipitsidwa, sifufuza kuti walapa ndani, inatenga ana a abusa ndi a mashehe omwe. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa Yesu za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake, Yesu anakana zonse ziwiri. Ndiye munthu azikusenzetsani mtolo umene Ambuye mwini wake anaukana?

Mukumbukire Yobu, ana ake khumi anafa tsiku limodzi. Anzake atatu aja atafika anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osatsegula pakamwa, ndipo pamenepo ndi pomwe anachita bwino, zinthu zinasokonekera atayamba kumufufuza machimo, moti kumapeto kwake Mulungu anakwiyira iwowo, za Yobu amene ankadandaula mokweza uja anati wanena zoona. Ndiye funso lanulo musachite nalo mantha ngati mwachita mwano, Yesu yemwe ali pamtanda anafunsa Atate kuti mwandisiyiranji. Amene akufunsa Mulungu kuti munali kuti ndiye kuti akuyankhula nayebe.

Komanso mayi, taonani bwino pakhonde panupo. Aneba anuwo ndi a chipembedzo china, sanakuwerengereni vesi, koma akuchita zija za masiku 7 zija. Ine chikhulupiriro changa chimandiuza kuti Mulungu akafuna kugwira munthu paphewa amabwereka manja a anthu ngati amenewo. Za kutchalitchi musadzikakamize, mukamva mphamvu pezani mkulu wampingo mmodzi wodekha mumuuze zomwe munauzidwa, ayenera kudziwa. Yunifolomuyo isiyeni pomwe ili mpaka mtima wanu utalola wokha.

Ina yachokera ku Kawale, mnyamata wa kabaza. Akuti anamutchinga usiku, anamumenya n'kumulanda njinga yamoto yomwe ngongole yake sanamalize, "ine chakhumi ndimapereka koma akuba ndi amene akunenepa, kupemphera kuli ndi phindu lanji?"

Achimwene, tithokoze kaye kuti moyo anakusiyirani. Dandaulo lanulo Asafu analilemba kalekale mu Salimo 73, nayenso anatsala pang'ono kuterereka poona oipa zikuwayendera, kaliwerengeni lonse mpaka kumapeto usiku uno. Koma chakhumi si inshulansi ayi, amene anakuphunzitsani choncho anakulakwirani. Kupolisi kanenani ngati simunatero, ndipo anzanu apasiteji muwauze, mwina wina angakubwerekeni njinga masiku amene iye akupuma kuti ngongole ija iziyendako pang'onopang'ono.

Mayi a ku Chinsapo, tisanapite ku nyimbo tikupemphererani pompano, ndipo aneba anuwo mukawapatse moni wanga.