Mwana wamasiye akajomba masiku atatu, pitani kwawo

Zikomo agulupu, zikomo makolo nonse. Amayi muli padzuwa inu, senderani kuno kumthunzi kuti timvane.

Chomwe tasonkhanira mukuchidziwa. Mtsikana uja wa Sitandade 7, amene mayi ake tinawaika m'manda chaka chathachi, wapezeka m'tauni akugwira ntchito ya m'nyumba. Mlongo wake ali ku Kachulu, akukoka makoka panyanja ya Chilwa. Tonse tikudabwa, koma kaundula wa aphunzitsi sakudabwa. Anawa anayamba ndi kujomba Lolemba, kenaka masiku atatu, kenaka sabata yathunthu, ndipo palibe anakagogoda pakhomo pawo. Ndiye mawu anga lero ndi awa: mwana wamasiye akajomba masiku atatu, pitani kwawo. Musadikire kuti teremu ithe.

Vuto limayambira pamaliro pomwe. Tsiku lometa timakambirana za munda, za mbuzi, za malata, ana n'kugawidwa, uyu kwa amalume, uyu kwa agogo. Za sukulu palibe amatchula. Inu eni mbumba, mwana akamasamukira mudzi wina, tengani kalata ya transifa kwa mphunzitsi wamkulu sabata yomweyo. Popanda kalatayo amangokhala, kapena amakabwereza kalasi. Msungwana wa zaka 14 kumukhazika ndi tiana ta Sitandade 4, manyazi okha amamuthamangitsa. Ndipo ana ali ndi gawo lawo pa katundu wamasiyeyo. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda ndi mlandu. Mbuzi ziwiri zomwe mwatengazo zikanagula makope zaka zingapo.

Nthawi yoopsa ndi Januwale mpaka Malichi, njala ikafika pachimake. Pakhomo pamene pali ana obereka ndi ana olera, timadziwa amene amatumidwa kuganyu wopalira, kuchigayo, kukalondera mbalame kumpunga. Musaweramitse mitu, sindikutchula munthu. Koma mwana ameneyo akuona.

(Agogo ena: "Achimwene, ine ndikulera adzukulu asanu. Yunifomu ndilibe, sopo ndilibe. Ndiwatumize ali mbuu?")

Agogo, mwafunsa m'malo mwa ambiri. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo mwana sayenera kubwezedwa chifukwa cha yunifomu kapena ndalama ya chitukuko. Akabwezedwa, musakangane ndi mphunzitsi pakhomo la kalasi. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi wa komiti ya sukulu, dzina la mwanayo lilembedwe pamndandanda wa ana ovutika. Mndandanda umenewu ndi womwe amayang'ana thandizo likabwera, ndiye amene sanalembedwe amadumphidwa. Chachiwiri, khomo ngati lanu, la okalamba olera ana popanda wogwira ntchito, ndi lomwe boma linakhazikitsira thandizo la ndalama la Mtukula Pakhomo, ndipo pamakhala kandalama kapadera ka mwana aliyense amene ali pasukulu. Si onse amalowa, zimenezo tisanamizane, koma pakabwera kalembera musakhale kumunda. Mdzukulu akasankhidwa kupita kusekondale mayeso a MANEB akatuluka, musadikire tsiku lotsegulira. Tengani kalata ya amfumu yotsimikiza kuti ndi wamasiye, mupite nayo ku ofesi yosamalira anthu kwa DC kukapempha basale. Za sopo, vuto limenelo ndi la ife tomwe. Gulu la amayi pasukulu pano lili ndi munda. Mtanda umodzi wa sopo pamwezi sungatikanike. Koma chonde agogo, wina akabwera ndi mawu okoma akuti mtsikanayu akwatiwe kuti mupepukidwe, kanani. Ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa.

Palinso ichi. Ngati mayi anamwalira ndi matenda a Edzi, ana onse akayezetse, angakhale akuoneka athanzi. Ma ARV ndi aulere m'zipatala zaboma. Mwana amene ali pamankhwala azimwa tsiku lililonse nthawi yomweyo. Mukagwirizana ndi mwanayo, uzani mphunzitsi mmodzi wosunga chinsinsi kuti tsiku lokatenga mankhwala asamulembe wojomba kapena kumupatsa chibalo. Ndipo ife akuluakulu tisiye kuloza zala pachitsime. Zomwe timanong'onezana kumeneko ndi zomwe ana athu amakamutonza nazo m'kalasi, mawa lake sabweranso.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndithamange. Amfumu, mudzi uliwonse ulembe ana amasiye, kalasi yawo ndi wowalera. Aphunzitsi, Lachisanu lililonse perekani maina a ojomba ku gulu la amayi. Amayi, masiku atatu akakwana pitani kwawo, awiriawiri, mukafunse, osati kukakalipa. Mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu, mukamuuze. Mukapeza nkhanza kapena ukwati wa mwana, imbani 116, ndi yaulere. A komiti tsalani, tigwirizane amene apite ku Kachulu Loweruka.