Makalata a omvera: mtsikana wa chipinda chakumapeto

Omvera athu okondedwa, thumba la makalata sabata ino labwera lolemera, ndipo mwa makalata 14 amene ndawapeza patebulo pano, asanu ndi anayi akukamba za ana athu aakazi amene ali m'sukulu za ukachenjede. Ndiyamba ndi yaifupi kuti mmero uyambe wazolowera.

Bambo wina wa ku Mchinji akufunsa ngati nzoona kuti atsikana amalowa ku yunivesite mongowamvera chisoni. Bambo, lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la chaka cha 2013 limati boma liyesetse kuti m'sukulu zimenezi amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliyense ndiponso asapitirire 60 pa 100, koma lamulolo silinalowepo m'chipinda cha mayeso kukalembera munthu MSCE. Mwana wanu wamwamuna ngati sanasankhidwe, muyambe mwamufunsa kumene ankakhala madzulo anzake akuwerenga.

Tsopano ndifike pa kalata imene yandisowetsa tulo kuyambira Lachiwiri. Mwini wake wapempha kuti tisatchule dzina lake kapena sukulu yake, ndipo ndiwerenga monga momwe walembera.

"Mayi, ine ndine mtsikana wa zaka 19, wa chaka choyamba pa yunivesite ina ya boma. Kwathu ndine woyamba kufika kuno, ndipo dzina langa litatuluka mayi anga anagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba atatu a mtedza kuti ndipeze poyambira. Malo ogona a pasukulu sindinapeze, choncho ndikuchita lendi chipinda chakumapeto kwa nyumba ina kunja kwa mpanda. Ngongole ya boma inandithandiza pa fizi, koma ndalama ya chakudya imatha mwezi usanafike pakati, moti ndimakoleza mbaula kamodzi patsiku, madzulo. Ndikachoka ku laibulale usiku ndimayenda mphindi 25 m'njira yamdima, nditafumbata makiyi m'dzanja. Mphunzitsi wina wandiitana kawiri ku ofesi yake anthu ataweruka, nkundiuza kuti malikisi anga akhoza kukonzedwa ndikakhala womvera. Sindinauzepo munthu aliyense. Mayi akaimba foni ndimangoti zonse zili bwino, chifukwa sindifuna kuti ayambe kulira mbuzi zawo. Atsikana a chaka chachitatu amene timagona nyumba imodzi amandidutsa ngati chitsa. Kodi ndingosiya sukulu?"

Mwanangu, sukulu usasiye, ndipo zimenezi ndazinena poyambirira kuti ngakhale magetsi atazima pakati pa pulogalamu ino ukhale utamva kale yankho. Za mphunzitsiyo ndilankhula mosapita m'mbali: zimene akuchitazo ndi mlandu. Lamulo lomwe lija la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kulipira chindapusa cha K1 miliyoni ndi kukhala kundende zaka zisanu. Iye akudalira kuti ndiwe mlendo, sudziwa khomo loti ugogode, ndiponso ukuopa kulephera mayeso. Choncho lero lomwe utenge kope, ulembe tsiku, nthawi ndi mawu amene ananena ulendo uliwonse, ndipo ngati anakutumizirapo uthenga pafoni usafufute ngakhale ukunyansa bwanji. Mapepala onse a ntchito zimene anakuchongera kale uwasunge pabwino, kuti malikisi ako akadzagwa mwadzidzidzi padzakhale poyerekezera. Akakuitananso, upite ndi mnzako, masana, ndipo chitseko chikhale chotsegula. Kenako upite ku ofesi ya mkulu woona za umoyo wa ophunzira, amene kumeneko mumati Dean of Students, ukapereke dandaulo lolemba ndi kusunga pepala lako lina. Kumeneko akakuzengereza, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit imene imalandira nkhani zotere. Sindikukunamiza kuti njira imeneyi ndi yofewa, chifukwa anthu adzalankhula, ena adzati unamuyamba ndiwe, koma nchifukwa chake sindifuna kuti uiyende wekha.

Apa ndipo pamene pagona nkhani yanga. M'kalata yonseyi mawu amene andilasa kwambiri si a mphunzitsiyo ayi, popeza anthu amtundu wake tinawadziwa kalekale. Andilasa ndi akuti "amandidutsa ngati chitsa". Ine ndinakhalaponso wa chaka choyamba, kalekale tsitsi lisanachite imvi, ndipo sabata yanga yoyamba ndinagona ndi njala masiku awiri chifukwa ndinkachita manyazi kufunsa kumene amalandirira chakudya. Safunsa anadya phula, koma ine sindinadye ngakhale phulalo. Usiku wachitatu mtsikana wa chaka chomaliza, amene sitinkadziwana nkomwe, anagogoda pakhomo panga atanyamula mbale ya nsima ndi nyemba yovindikira ndi mbale inzake, nakhala pabedi panga mpaka nditamaliza. Sanandipatse uphungu wautali. Anangotenga ndandanda wanga wa maphunziro, nkuloza ndi cholembera dzina limodzi, nati, "Uyu akakuitana ku ofesi, uzindiuza tipitire limodzi." Mawu amenewo anandisunga zaka zinayi, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la nyemba zopanda mafuta ndimamukumbukira.

Ndiye inu a chaka chachitatu ndi chachinayi, amene mukumvera pulogalamu ino pafoni uku mukuluka tsitsi, ndikufunseni: mwaiwala msanga bwanji? Mphunzitsi amene akuvutitsa mwanayu mukumudziwa, chifukwa munthu wotere sayambira pa mtsikana mmodzi, ndipo mwina ena mwa inu munatulukapo mu ofesi yomweyo miyendo ikunjenjemera. Mukudziwa njira yowopsa usiku, mukudziwa mwini nyumba amene amalowa m'zipinda osagogoda, mukudziwa kumene kuli mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, koma zonsezi mwazisunga ngati mbewu ya chaka chamawa. Sindikuti ndinu oipa mtima, chifukwa ndikudziwa kuti nanunso mwapanikizika. Sukulu zathu zinakula kuposa malo ogona. Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973 panalibe amene ankaganiza kuti Chikanda idzadzadza ndi ophunzira a lendi, monga momwe Luwinga yachitira ku Mzuzu. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, lendi, makala ndi ufa zakwera mosayang'ana kuti wogula ndi mwana wa sukulu. Komatu nchifukwa chake mbaula zinayi zoyaka m'nyumba imodzi, aliyense akuphika kampoto kake atatseka chitseko, ndi chinthu chondidabwitsa. Thumba limodzi la makala logulidwa ndi anthu anayi limatha mochedwa kusiyana ndi timapepala ta makala togula tsiku ndi tsiku, ndipo atsikana asanu ochoka ku laibulale nthawi imodzi safunika kufumbata makiyi. Magulu a WhatsApp muli nawo ambirimbiri okambirana za mawigi ndi nsapato, tsegulani limodzi loti munthu alembepo kuti "ndikunyamuka, alipo wopita kumtunda?"

Makalata ena atatu a sabata ino akunena zofanana ndi zimenezi, kuti mtsikana akhoza kukhala pakati pa anthu zikwizikwi koma osowa womuuza kuti mapadi amuthera. Boma linachotsa msonkho pa mapadi mu 2022, koma wopanda ndalama amakhalabe wopanda ndalama, ndipo kabokosi ka mapadi koikidwa pamalo odziwika m'nyumba yogona atsikana sikafuna chilolezo cha nduna. Inunso a magulu a mapemphero, kaya a SCOM kaya a mipingo yanu, mumagwira ntchito yabwino, koma mukamaliza kumupempherera mlendo muzimufunsanso ngati wadya. Amayi a Mvano, a Dorika, a Chikatolika ndi a kumzikiti amene mumakhala pafupi ndi sukulu zimenezi, ana amene amadutsa pakhomo panu ndi zikwama kumsana ali ndi amayi awo kutali, ndipo mbale imodzi ya Lamlungu masana siingagwetse banja lanu.

Koma nawenso, mwanangu, ndikudzudzuleko pang'ono. Anthu amene ukuti amakudutsawo mwina akuganiza kuti ndiwe wonyada chifukwa umalowa nkutseka chitseko. Mawa madzulo upite kwa amene akuoneka wofatsa mwa iwo ukapemphe moto kapena mchere, ngakhale uli nawo, ndipo nkhani idzayambira pamenepo. Mayi akonso usawabisire zonse. Munthu amene anagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa cha iwe ndi wolimba mtima kuposa momwe ukuganizira, ndipo chingawapweteke koposa ndi kukuona utabwerera ndi chikwama osadziwa chimene chinachitika.

Nthawi yathamanga, choncho otsalawa ndiwayankha mwachidule. Wophunzira wina wa chaka chachiwiri walemba kuti ndi woyembekezera ndipo akuganiza zongosowa osatsanzika. Usatero, chemwali, pita kwa mkulu woona za ophunzira ukafunse ndondomeko yopumira maphunziro mwalamulo kuti malo ako asungike, pakuti ngakhale ku sekondale dziko lino linavomereza kuyambira 1993 kuti mtsikana akabereka abwerere m'kalasi.

Bambo wina wa ku Balaka akuti mavuto onsewa amayamba ndi mathalauzi amene atsikana amavala. Bambo, lamulo loletsa amayi kuvala mathalauzi linali la 1973 ndipo linathetsedwa zaka zoposa 30 zapitazo, komanso mtsikana wa kalata ija sanatiuze kuti anavala chiyani, watiuza zimene mphunzitsi ananena.

Mnyamata wina wa chaka chachitatu akudandaula kuti timangokamba za atsikana ngati anyamata sagona ndi njala. Ukunena zoona, achimwene, ndipo kalata yako ndaiika pamwamba pa za sabata yamawa. Pakadali pano, ukaperekeza mnzako wamkazi usiku, uzimusiya pakhomo nkubwerera, osayamba kuwerengera ngati ngongole yoti adzabweze.

Womaliza ndi mtsikana wa Fomu 4 wa ku Thyolo amene aphunzitsi ake akumulimbikitsa kutenga maphunziro a uinjiniya, koma azakhali ake akuti imeneyo ndi ntchito ya amuna. Mwanangu, yunivesite ya sayansi ya MUST ili kwanu komweko ku Ndata, inatsegulidwa mu 2014, ndipo Pulofesa Address Malata atasankhidwa kuitsogolera anakhala mayi woyamba kuyendetsa yunivesite ya boma m'dziko muno. Azakhaliwo uwauze mwaulemu kuti mlatho sufunsa kuti anaujambula ndani.

Mnzanga wa pamakina wandikodola kachiwiri, ndipo akakodola kachitatu amangodula mawu. Iwe wa chipinda chakumapeto, undilembere pakatha sabata ziwiri, undiuze ngati mchere uja unaupeza ndiponso zimene akuofesi anakuyankha. Ukafuna kuti kalatayo ndisaiwerenge pawailesi, ulembe pamwamba pake ndipo ndidzaiyankha mwachinsinsi.