Batani lopanda dzina: kupanga app imene anthu aulumali angaigwiritse ntchito

[Wofotokoza wagwira foni ya Android, kamera ili pa sikirini.]

Takulandirani nonse, makamaka inu amene mumapanga ma app. Ngati muli ndi foni pafupi, tichitire limodzi. Lowani mu Settings, kenako Accessibility, muyatse TalkBack. A iPhone, yanu ndi VoiceOver, ndipo yakhalapo kuyambira mu 2009. Tsopano foni ikulankhula. Mukakhudza chinthu kamodzi ikuchiwerenga, mukadina kawiri ikuchitsegula, mukakoka chala kumanja ikupita pa chotsatira. Umu ndi mmene munthu wosaona amayendetsera foni yake tsiku lililonse.

[Chala chikuyenda pa app yoyeserera yotumizira ndalama.]

Tamverani apa. Nambala ya wolandira yawerengedwa bwino, ndalama zawerengedwanso. Koma pansipa pali tizithunzi tiwiri, kamuvi ndi kamtanda, ndipo pa tonse tiwiri foni ikungonena kuti ndi batani lopanda dzina. Lotumiza ndi liti? Lofufuta ndi liti? Munthuyo sangalosere ndi ndalama za fizi ya mwana. Ndiye amatani? Amapereka foni kwa mnzake kapena kwa ejenti, nthawi zina n'kumuuza ndi nambala yachinsinsi yomwe. Ichi n'chimene chimandiwawa kwambiri. Munthu wamkulu, wodzipezera yekha ndalama, akuulula chinsinsi chake chifukwa wopanga app sanalembe mawu amodzi.

Ndipo ndi mawu amodzi enieni. Pa Android mumadzaza contentDescription, pa iOS accessibilityLabel. Lembani zimene batanilo limachita, "Tumizani ndalama", osati maonekedwe ake. Kachithunzi kongokongoletsa kabiseni kuti foni izikadumpha. Onaninso ndondomeko imene foni ikuwerengera zinthu: mtengo usamveke dzina la katundu lisanatchulidwe.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni padziko lonse ali ndi ulumali waukulu. Kuno kwathu, kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, ndipo ambiri mwa iwo amaona movutikira. Satsegula TalkBack, koma amakulitsa zilembo mu Settings. Ngati kukula kwa zilembo munakuyeza mu sp, muyeso wa Android umene umasintha motsatira Settings, app yanu imatsatira. Mukakukhomerera mu px kapena dp, miyeso imene simatsatira kukulitsa zilemboko, zilembo zimakhalabe zazing'ono. Yesani nokha: kulitsani mpaka kumapeto, muone ngati mawu sakudukira pakati kapena kukwerana.

[Masikirini awiri: zilembo zotuwa pa choyera, zakuda pa choyera.]

Za mitundu, malangizo a WCAG, othandiza kuti mawebusaiti azifikirika kwa aulumali, ochokera ku W3C, bungwe lokonza miyezo ya mawebusaiti, amati kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi pamene zalembedwa kusachepere 4.5 kwa 1. Zotuwazi zimaoneka zapamwamba muofesi, koma kaimeni nazo padzuwa la mu Okutobala ku Nsanje, foni yake yong'aluka galasi. Musadalirenso mtundu wokha. Pali anthu amene sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, choncho ndalama zikakanika kupita, lembani mawu oti zakanika ndi chifukwa chake.

Mabatani akhale aakulu. Google imalangiza 48dp mbali zonse, Apple 44pt. Ganizirani gogo amene manja amanjenjemera, kapena bambo amene sitiroko inawasiyira dzanja limodzi logwira ntchito.

Kwa osamva, vidiyo iliyonse ikhale ndi mawu olembedwa, ndipo nambala yotsimikizira isamabwere pa foni yoyimba yokha. Pa nkhani zazikulu ngati zaumoyo, ikani womasulira m'chinenero cha manja, poti kwa osamva ambiri chimenechi ndiye chinenero chawo choyamba.

Chimene ambiri timaiwala ndi nthawi. Nambala yotsimikizira yabwera pa SMS, munthu atuluke mu app, amvetsere manambala amodziamodzi, abwerere, alembe. Womvetsera amatenga nthawi yaitali kuposa woona. Mukamutsekera msanga, ayambiranso, ndipo bandulo ikutha. Mupatseni nthawi yokwanira, muchenjezeni isanathe, ndipo lolani kuti foni idzaze yokha nambalayo.

[Wofotokoza akutsegula Accessibility Scanner.]

Ka app aka n'kaulere pa Play Store. Kamakusonyezani mabatani opanda dzina, ang'onoang'ono, ndi mitundu yosaoneka bwino. Koma sikangakuuzeni ngati munthu wakwanitsadi kulipira bilu ya madzi. Pa zimenezo mukufunika anthu eniake. FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), Malawi Union of the Blind (la osaona), MANAD (la osamva) ndi APAM (la anthu achialubino) ndi mabungwe a anthu amene amakumana ndi zimenezi tsiku ndi tsiku. Afikireni mukadali pa mapulani, app isanamangidwe. Muwapatse ntchito yeniyeni, monga kulembetsa kapena kutumiza ndalama, inu mukhale chete n'kumaonerera pamene akukakamira. Ndipo muwalipire, chifukwa kuyesa app ndi ntchito ngati ina iliyonse.

Amene munayatsa TalkBack, bwererani mu Settings kuti muizimitse. Kumbukirani kudina kawiri, ndipo potsitsa sikirini gwiritsani zala ziwiri.