Kuzizira kwa Thupi, kwa Mtima ndi kwa Kuchipinda

Amayi ndi abambo, ndiyamba ndi thupi. Munthu wabwinobwino amatentha pafupifupi madigiri 37, ndipo kutenthako kukatsika pansi pa 35 moyo wake umakhala pachiswe. Poyamba amanjenjemera chifukwa minofu ikuyesa kumufunditsa, koma kunjenjemerako kukaleka pamene iye akuwodzera ndi kulankhula zosamveka, musaganize kuti wapeza bwino, zinthu zafika poipa. Muvuleni zovala zonyowa, mumufunditse pachifuwa ndi kumutu, ndipo muthamange naye kuchipatala. Mowa musamupatse, pakuti umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutulutsa kutentha, ngakhale iye akumva ngati wafundidwa. Koma amene amazizidwa ngakhale dzuwa likuswa mtengo akayezetse, chifukwa kuchepa kwa magazi kapena kufooka kwa chithokomiro kumachititsa zimenezo.

Tsono pali kuzirala kwa mtima. Mayi wabereka kumene, mwana akulira pambali pake, iye angoyang'ana khoma osamunyamula, ndipo achibale ayamba kunong'onezana kuti ndi wouma mtima. Nthawi zambiri si nkhanza ayi, koma matenda ovutika maganizo, amene amagwiranso abambo ofedwa kapena ochotsedwa ntchito. Zimenezi zikapitirira milungu iwiri, munthuyo afunika thandizo la achipatala, ndipo kumudzudzula kumangomutsekera pakamwa.

Zachitatuzi mundikhululukire akuluakulu, ndizinena poyera, chifukwa mabanja ambiri akutha nazo. Chilakolako chogonana chikachepa mwa mmodzi, mnzake amafulumira kuganiza kuti pali chibwenzi kunja. Komatu mayi woyamwitsa chilakolako chimatsika chifukwa cha mahomoni opangitsa mkaka, kuwonjezera pa kusowa tulo. Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, ndipo kuuma kwa kumaliseche kumene kumatsatira kumachititsa ululu pogonana. Amene akumva kuwawa sangalakelake chinthu chomupwetekacho. Kwa abambo, amene timawaseka kuti agwa mumpapaya, choyambitsa chimakhala matenda a shuga, fodya, mowa, nkhawa, kapena mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi. Kufooka kumeneku nthawi zina kumakhala chizindikiro choyamba chakuti mitsempha ya magazi ikutsekeka, mtima usanayambe kuvuta, choncho kungogula mankhwala opatsa mphamvu osayezetsa n'kubisa matenda. Mukakayikira mapiritsi amene mukumwa, musawasiye nokha. Atengeni m'paketi yake, mupite nonse awiri kwa dokotala, akaone ngati angawasinthe.